Miyendo tili nayo, chikusowa ndi mpikisano

Pa 28 September 2025, Tadej Pogačar wa ku Slovenia anachova njinga makilomita 267 m'mapiri a mzinda wa Kigali n'kuwina ukatswiri wa dziko lonse. Mwa amuna 165 amene anayamba, 30 chabe ndiwo anafika kumapeto, ndipo pakati pawo wa mu Africa anali mmodzi, Amanuel Ghebreigzabhier wa ku Eritrea. Kanali koyamba kuti mpikisano umenewu uchitikire mu Africa, patapita zaka zoposa 100 chiyambire. Dziko la Rwanda silinaupeze mwamwayi. Kwa zaka zambiri lakhala likuchititsa mpikisano wakewake wa masiku angapo, wotchedwa Tour du Rwanda. Umenewu ndi umene unazoloweretsa apolisi kutseka miseu, unazoloweretsa anthu kudzaza m'mbali mwa mseu, ndipo unaonetsa anyamata onyamula anthu panjinga kuti miyendo yawo ingawafikitse kutali.

Ife kuno ku Lusaka njinga timaidziwa bwino. Timaiona m'mamawa pa Great East Road ikuchokera cha ku Chongwe, itasenza masaka a malasha moti wochovayo sakuonekanso. Timaiona ku Soweto Market itanyamula tomato ndi nkhuku. Koma ambiri a ife tikamva za mpikisano wa njinga timati ndi zinthu za azungu za pa TV. Mbiri ya masewerawa ikusonyeza zina. Ku France, ku Burkina Faso ndi ku Rwanda, mpikisano unamera pamene panali kale anthu wamba odziwa kuchova, kenako panapezeka wina wokhala ndi chifukwa chowasonkhanitsa. Anthu odziwa kuchovawo ife tili nawo kale.

Mmene mpikisano umayendera

Timvane kaye mmene zimayendera, chifukwa n'zosiyana ndi bola. Mpikisano umagawidwa m'masiteji, siteji imodzi tsiku limodzi. Tsiku lililonse limakhala ndi wowina wake, koma nthawi imene aliyense watenga imalembedwa n'kumawonkhetsedwa. Amene nthawi yake yonse ndi yochepa kuposa anzake pa tsiku lomaliza ndiye amatenga mpikisano wonse, ngakhale zitakhala kuti sanawinepo siteji ngakhale imodzi. Tour de France ya masiku ano imakhala ndi masiteji 21 m'mawiki atatu, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,400. Kumeneko kuli ngati kuchova kuchoka ku Lusaka mpaka ku Chipata maulendo 6.

Timu iliyonse imakhala ndi anthu 8, koma nthawi zambiri amene akufuna kuti awine ndi mmodzi. Enawo ntchito yawo ndi kumutchinga ku mphepo ndi kumutengera madzi ku motoka ya timu, ndipo tayala lake likaphulika amamupatsa lawo. Ku France anthu amenewa amawatchula ndi dzina lotanthauza wantchito wa m'nyumba. Nkhani yonse ili pa mphepo: amene ali kumbuyo kwa mnzake amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zake. N'chifukwa chake amayenda m'chigulu chothinana ngati njuchi, ndipo wothawa yekha kutsogolo kawirikawiri amagwidwa kutangotsala pang'ono kuti afike. Wotsogola pa nthawi amavala jezi yachikasu, wa liwiro la kumapeto amavala yobiriwira, ndipo wokwera bwino mapiri amavala yoyera ya madontho ofiira.

Unayamba chifukwa nyuzipepala sinali kugulidwa

Amene anayambitsa Tour de France ankafuna malonda. Mu 1903 nyuzipepala ya zamasewera yotchedwa L'Auto inali kulimbana ndi inzake, Le Vélo, ndipo zinthu sizinali kuyenda. Mtolankhani wachinyamata, Géo Lefèvre, anauza mkonzi wake Henri Desgrange kuti akonze mpikisano wozungulira dziko lonse la France, kuti aliyense wofuna kudziwa amene akutsogola azigula pepala lawo. Pa 1 July chaka chomwecho anthu 60 ananyamuka. Masiteji anali 6 chabe koma aatali moopsa, makilomita 2,428 onse pamodzi. Siteji yoyamba, kuchoka ku Paris kupita ku Lyon, inali ya makilomita 467, ndipo ankachova usiku wonse. Anafika kumapeto ndi anthu 21. Wowina anali Maurice Garin, munthu amene anakula akugwira ntchito yochotsa mwaye m'machumuni a nyumba za anthu. Nyuzipepala ija inayamba kugulidwa kuwirikiza kawiri ndi kupitirira.

Chaka chotsatira zinthu zinasokonekera. Ochemerera ena anamenya ochova a m'madera ena, misomali inamwazidwa mumseu, ndipo ochova ena anawaimba mlandu wokwera sitima ndi motoka usiku. Anayi oyambirira, kuphatikizapo Garin, anawachotsa, ndipo ulemu unapita kwa mnyamata wa zaka 19, Henri Cornet. Desgrange mwiniwake anaganiza kuti mpikisano wathera pomwepo. Komabe mu 1905 unachitikanso. Mu 1910 unalowa m'mapiri a Pyrenees, m'miseu ya miyala ndi fumbi imene sinali kusiyana kwenikweni ndi ya m'midzi yathu. Mu 1919 anayambitsa jezi yachikasu. Italy inatengera chitsanzo mu 1909 ndi Giro d'Italia, nayonso kudzera mu nyuzipepala, ndipo Spain inatsatira mu 1935.

Tikumbukire zimenezi tikamati miseu yathu ndi yoipa kapena kuti sitidziwa kukonza zinthu. Mpikisano wotchuka kwambiri pa dziko lonse unayambira m'fumbi, ndi anthu 60, ndipo chaka chake chachiwiri chinali chamanyazi.

Mmene unafikira mu Africa

Mu Africa masewerawa analowa ndi atsamunda. Ku Eritrea anabwera ndi anthu a ku Italy, amene mu 1946 anakonza mpikisano woyamba wa masiku angapo wozungulira dzikolo. Atsamunda atapita njinga inatsala, n'kukhala masewera a aliyense mu Asmara, mzinda umene uli pamtunda wa mamita oposa 2,300, kumene mpweya ndi wochepa ndipo mapapo amalimba. Dziko litapeza ufulu, mpikisano uja anaudzutsanso mu 2001.

Ku Burkina Faso, Tour du Faso inayamba mu 1987, chaka chomaliza cha ulamuliro wa Thomas Sankara. Kumeneko njinga inali kale motoka ya munthu wamba, ndipo boma linaona kuti mpikisano wodutsa m'matauni ndi m'midzi ungapangitse anthu kuona dziko lawo ngati limodzi.

Nkhani ya ku Rwanda ndi imene ikutikhudza kwambiri. Tour du Rwanda inayamba mu 1988 ngati mpikisano wa ochova a m'dzikomo ndi a m'maiko oyandikana nawo. Nkhondo itabuka mu 1990 inaima, ndipo mu 1994 anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Inayambiranso mu 2001 ndi njinga zakale zokonzakonza. Ambiri mwa ochova anali anyamata amene tsiku ndi tsiku ankanyamula anthu, mbatata ndi nthochi m'mapiri kuti apeze chakudya. Mu 2006 Tom Ritchey, wopanga njinga wa ku America, anathandiza kukonza mpikisano wotchedwa Wooden Bike Classic, mmene munalowa ngakhale tinjinga tamatabwa timene alimi amanyamulira katundu. Mmenemo ndi mmene anaonekera Adrien Niyonshuti, mnyamata amene abale ake 6 anaphedwa mu 1994. Chaka chotsatira timu ya dziko inakhazikitsidwa, ndipo mu 2012 Niyonshuti ananyamula mbendera ya Rwanda pa masewera a Olympic ku London.

Mu 2009 bungwe loyang'anira masewera a njinga pa dziko lonse, UCI, linaika Tour du Rwanda pa kalendala yake. Zimenezi zinatanthauza kuti matimu akunja ayamba kubwera, ndipo kwa zaka zisanu alendo ndiwo ankawina: wa ku Morocco, wa ku Eritrea, wa ku America, ndi awiri a ku South Africa. Anthu sanaleke kudzaza m'miseu. Mu 2014 Valens Ndayisenga anawina ali kwawo, ndipo kuchokera pamenepo mpaka 2018 jezi yachikasu sinachoke m'manja mwa ana a m'dzikomo: Jean Bosco Nsengimana, Ndayisenga kachiwiri, Joseph Areruya ndi Samuel Mugisha. Kamseu kotsetsereka ka miyala ka mu Kigali, kamene anthu akumeneko amakatchula kuti kwa Mutwe, kanadziwika pa dziko lonse chifukwa cha zithunzi za khamu la anthu litadzaza mpaka pamadenga. Mu 2023 Chris Froome, amene anabadwira ku Nairobi n'kuwina Tour de France kanayi, anabwera kudzapikisana nawo.

Zipatso za mipikisano imeneyi zinaoneka ku Ulaya. Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anawina Tour du Rwanda mu 2010. Mu 2015 anali mu timu ya ku South Africa ya MTN-Qhubeka pa Tour de France, ndipo anavala jezi ya madontho ofiira kwa masiku anayi. Biniam Girmay, nayenso wa ku Eritrea, anayamba kudziwika pa mipikisano ya ku Gabon ndi ku Rwanda. Pa 1 July 2024 anawina siteji ya Tour de France mumzinda wa Turin, munthu wakuda wa mu Africa woyamba kutero, kenako anawinanso ena awiri n'kupita kwawo ndi jezi yobiriwira. Mu 2025 Kim Le Court wa ku Mauritius anavala jezi yachikasu pa Tour de France ya azimayi. Matimu a ku Ulaya sayendayenda m'makomboni kufunafuna aluso. Amayang'ana zotsatira za mipikisano yolembedwa, ndipo mwana amene dziko lake lilibe mpikisano wotere dzina lake silifika pa tebulo lawo.

Njinga ya kwathu

Mbiri ya njinga kwathu ndi yaitali, koma ndi mbiri ya ntchito. Lusaka itakhala likulu mu 1935, atsamunda anaimanga motalikanatalikana. Madera monga Kabulonga ndi Woodlands anakhala a azungu okhala ndi mamotoka. Antchito akuda anawaika m'tinyumba tozungulira ta udzu ta ku Kabwata, timene tina tinasungidwa mpaka lero pa Kabwata Cultural Village m'mbali mwa Burma Road. Wophika, wa m'galadeni ndi mesenjala ankayenda pansi mtunda wautali, ndipo amene wakwanitsa kugula njinga ankaoneka kuti zinthu zamuyendera.

Njinga inagwiranso ntchito pa nkhondo yomenyera ufulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, a Kenneth Kaunda ankayendera midzi ya ku Northern Province panjinga potsegula nthambi za African National Congress, asanabwere ku Lusaka mu 1953 kudzakhala mlembi wamkulu pansi pa a Harry Nkumbula. M'buku lawo la mu 1962, Zambia Shall Be Free, anasimba za tsiku limene anakumana ndi mkango ali ndi njinga yawo. Boma lawo linadzamanga fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata, kumene kunkapangidwa njinga za Eagle zimene makolo athu ambiri anachovapo. Fakitale ija inafooka makampani a boma atagulitsidwa, koma mpaka lero Chipata ndi tauni ya njinga, kumene munthu amakwezedwa pakeriyala kupita kumsika kapena kuchipatala.

Cha m'ma 2006 bungwe la World Bicycle Relief linayamba kugwira ntchito muno m'dziko, n'kupereka njinga 23,000 kwa anthu odzipereka osamalira odwala matenda a Edzi m'midzi. Njinga yawo yolimba ya Buffalo ndi imene lero timaiona ndi ana a sukulu, alimi ndi ogulitsa mkaka. Mu 2007 kampani ya Zambikes inayamba muno mu Lusaka, ikupanga njinga za nsungwi ndi tingolo tonyamulira odwala tokokedwa ndi njinga.

M'mbiri yonseyi njinga inali khasu. Ndipo pamene mamotoka a ku Japan ogwiritsidwapo kale ntchito anachuluka, njinga inatsika ulemu n'kukhala chizindikiro chakuti munthu sizinamuyendere. Mnyamata wa ku Kabwata kapena ku Chelstone akapeza ntchito amaganiza za motoka, ndipo kufika kwa chibwenzi panjinga n'kudzitengera chiseko. Lero mumzinda muno muli njinga za mitundu iwiri zimene sizilankhulana. Ina ndi ya malasha, yolemera, yopanda magiya, imene mwini wake amachova makilomita ambiri tsiku lililonse atadya zochepa. Ina ndi yopepuka, ya mtengo wofanana ndi motoka, imene imatuluka m'mageti a ku Kabulonga ndi ku Woodlands Loweruka m'mamawa kulowera ku Leopards Hill Road. Wa njinga yoyamba ali ndi mphamvu, wa yachiwiri ali ndi zipangizo ndi anzake a m'maofesi. Ku Rwanda mpikisano ndi umene unakumanitsa anthu awiriwa.

Sitikunena kuti kuno kulibe chilichonse. Kuli bungwe la Cycling Association of Zambia. Ku Solwezi mgodi wa Kansanshi wakhala ukuthandiza timu ya achinyamata ochova njinga. Kufupi ndi Lusaka kwakhala kukuchitika mpikisano wa masiku atatu wa njinga za m'tchire, 1Zambia MTB. Ndipo mu 2003 unayamba ulendo wa Tour d'Afrique, wochoka ku Cairo kupita ku Cape Town kwa miyezi inayi, umene njira yake imalowa muno kudzera ku Chipata, kutsika pa mlatho wa Luangwa, kudutsa pa Chelstone, n'kupitirira ku Livingstone. Amene amayenda ulendowu ndi alendo odzilipirira okha. Iwo anaona kalekale kuti miseu yathu ndi yoyenera njinga. Ife timangowabayibitsa akamadutsa.

Mtengo wake

Tisanamizane, mpikisano wotere umadya ndalama ndipo umatha kufa. Pamafunika malo ogona ndi chakudya cha anthu mazana kwa wiki yathunthu, apolisi pa mphambano iliyonse, ambulansi, oweruza, ndi mphoto. La Tropicale Amissa Bongo ya ku Gabon inayamba mu 2006 ikudalira boma, n'kukhala umodzi mwa mipikisano ikuluikulu mu Africa. Asilikali atalanda boma mu August 2023, chaka chotsatira sinachitike. Tour du Faso yakhala ikulephereka zaka zina chifukwa cha matenda ndi kusowa kwa chitetezo. Ku Rwanda komweko, kuchokera pamene mpikisano unakwezedwa giredi mu 2019 n'kuyamba kubwera matimu amphamvu, mpaka 2025 palibe mwana wa m'dzikomo amene anawinanso. Aliponso otsutsa amene amati boma la kumeneko limagwiritsa ntchito masewera pofuna kuti dziko liiwale nkhani za ufulu wa anthu ndi nkhondo ya kum'mawa kwa Congo. Phunziro ndi lakuti mpikisano woimira pa phewa la munthu mmodzi wamphamvu umagwa naye limodzi. Wa ku France wakhala zaka zoposa 120 chifukwa unali ndi malonda akeake: poyamba nyuzipepala, kenako makampani otsatsa katundu, TV, ndi matauni amene amalipira kuti siteji ithere kwawo.

Pali chinanso chimene chimatilepheretsa tisanafike n'komwe pa nkhani ya ndalama, ndicho mantha. Kholo liti lingalole mwana wake wa zaka 14 kukaphunzira kuthamanga pa Kafue Road kapena pa Great East Road, pakati pa mathiraki ndi mabasi olimbirana anthu? Wochova njinga mu Lusaka amakankhidwira kumapeto kwa phula, kumene kuli mchenga, magalasi osweka ndi ngalande zosavundikira. Pa tsiku la mpikisano wapamseu mamotoka amaimitsidwa kwa maola angapo, ndipo woyendetsa motoka ndiye amadikira wa njinga. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake amayamba kuiona njinga mwa mtundu wina.

Malo ochitirapo tili nawo. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo kuyambira May mpaka July kunja kumakhala kozizira kopanda mvula. Siteji ya liwiro ingachoke ku Kabwe kubwera ku Lusaka, makilomita pafupifupi 140 a mseu wopanda mapiri. Ina ingadutse ku Kafue, kukwera mapiri a Munali n'kukathera ku Mazabuka. Ya okwera mapiri ingachoke ku Siavonga, m'chigwa cha Zambezi, kukwera chitunda chija chimene chimaliritsa mathiraki ochokera ku Chirundu. Yomaliza ingazungulire mumzinda muno: kuyambira pa Cairo Road, kukwera Independence Avenue mpaka ku Woodlands, n'kubwerera kudzera ku Burma Road, kuti a ku Kabwata aonere ali pakhomo pawo.

Koma amene anayamba asanatenge dziko lonse anayambira pafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: Rwanda inatenga zaka 21 kuchoka pa mpikisano woyamba kufika pa kalendala ya UCI, ndi zaka zina 16 kuti dziko lonse libwere ku Kigali. Zimene ife a m'makomboni ndi m'masabebu tingayambe n'zazing'ono: masiku awiri, Loweruka ndi Sondo, masiteji afupiafupi, chilolezo cha apolisi ndi kanselo, munthu wa wotchi ndi buku lolembamo nthawi, ndi mashopu a pafupi opereka mphoto. Pakhale gulu la atsikana. Pakhalenso gulu la njinga za Buffalo ndi zina zonse zopanda magiya, ndi mphoto yoposa ndalama imene munthu akanapeza pogulitsa malasha masiku awiriwo, chifukwa popanda zimenezo mwini miyendo yamphamvu uja sadzasiya ntchito yake kuti abwere. Nthawi za onse zilembedwe ndi kusungidwa, ndipo chaka chamawa mpikisano uchitikenso mwezi womwewo, ngakhale woyambawo utakhala wosokonekera ngati wa mu 1904.

Samuel Matete anawina ukatswiri wa dziko lonse ku Tokyo mu 1991, ndipo Muzala Samukonga anabwera ndi mendulo kuchokera ku Paris mu 2024, chifukwa penapake panali bwalo, mzere woyambira ndi munthu wogwira wotchi. Anyamata ndi atsikana athu ochova njinga akufunika zinthu zitatu zomwezo.